Mwendo wa agogo ndi mchira wa mbewa

Ku Gaika, m'tauni ya Kwekwe, ambiri ndife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide. Ndili mwana, pafupi nafe pankakhala agogo ena aamuna ochokera ku Nsanje. Mwendo wawo wakumanzere unali ngati mtondo, khungu lokhakhala, ndipo nsapato analeka kalekale kuvala. Dzuwa likapendeka, akazi awo ankatulutsa beseni ndi sopo, n'kuwatsuka pakati pa zala, kupukuta bwinobwino, kenako kusanjika mwendowo pampando. M'komboni anthu ankanong'ona za ufiti. Chinali mtchetcha.

Agogo ajawa ndawakumbukira chifukwa mwana wa mlongo wanga, amene masamu ndi ndiwo zake, akufuna kudzakhala wofufuza za mitsempha ya lymph. Iyi ndi mitsempha imene imatola madzi odontha m'magazi n'kuwabwezera, podutsa m'timabere tija timatupa tikamati munthu ali ndi mwanabere. Ilibe mtima woipopera. Imadzifinya yokha, ndipo ili ndi tizitseko toletsa madzi kubwerera. Nyongolotsi za mtchetcha, zimene udzudzu umafalitsa, zimakhala m'menemo n'kuiwononga. Njira zoigwirira ntchito ndikuona ziwiri.

Yoyamba ndi ya Melody Swartz, mayi wa ku America amene anaphunzira uinjiniya, n'kutenga digiri ya udokotala ku MIT. Anaphunzitsa ku Lausanne, tsopano ali ku University of Chicago, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya MacArthur. Iye anayang'ana thupi ngati mmene katswiri wa madzi amaonera ngalande. Pogwiritsa ntchito khungu la mchira wa mbewa, gulu lake linaonetsa kuti madzi oyenda pang'onopang'ono m'minofu ndiwo amalozera kumene mitsempha yatsopano imere. Linafufuzanso mmene khansa imapezerapo mpata pa mitsemphayi. Ndi ntchito ya m'labotale, yofuna makina odula ndi zaka zambiri za sukulu, ndipo kwa mwana wa ku Gaika imatanthauza kuchoka kwawo, mwina osadzabwerera.

Yachiwiri ndi imene anatenga Dr. Bagrey Ngwira ndi anzake ku Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayenda m'midzi, kuyeza magazi a anthu, ndipo zinaoneka kuti nthendayi inazika mizu ku chigwa cha Shire ndi ku Karonga. Ana a nyongolotsizi amatulukira m'magazi usiku, nkhuku zitalowa, n'chifukwa chake kale oyeza ankagogoda m'makomo ndi nyali. Kafukufuku wotere ndi amene anatsegula njira yoti, kuyambira 2008, anthu azimwa ivermectin ndi albendazole kamodzi pachaka, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka akugawa mudzi ndi mudzi. Mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti dziko la Malawi lathetsa mtchetcha ngati vuto la dziko lonse, lachiwiri ku Africa ya kum'mwera kwa Sahara pambuyo pa Togo.

Mtima wanga umapendekera ku njira yachiwiriyi, sindibisa. Zipatso zake mumaziona ndi maso: ana a ku Nsanje amene sadzatupa miyendo ngati agogo aja.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa mtendere. Mapiritsi aja amapha ana a nyongolotsi, koma sakonza mtsempha umene unawonongeka kale. Phudzi lobwera ndi nthendayi amalichita opaleshoni, munthu n'kupeza bwino. Koma mwendo wotupa, chithandizo chake chachikulu mpaka lero ndi chomwe chija: sopo, madzi, kupukuta, kuukweza m'mwamba, kuuyendetsa. Zimathandizadi, zimachepetsa zilonda ndi kutentha thupi kumene kumagwetsa munthu masiku angapo, koma mwendo subwerera mwakale. Amayi ochitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere nawonso ena amatupa mkono mwanjira yomweyi. Amene angadzapeze mmene mtsempha wakufa ungamerenso ndi anthu a m'labotale aja, ndi michira yawo ya mbewa.

Mtsikanayo ndinamuuza kuti apite ndithu ku uinjiniya ngati mtima wafuna, popeza maphunziro a uinjiniya wa zachipatala alipo ngakhale ku Thyolo, ku yunivesite ya MUST. Ndinangomupempha kuti asanakwere ndege iliyonse, akakhale mwezi umodzi pa chipatala china cha ku Chikwawa, agwire beseni ndi manja ake.