Nyumba yakale ya apaulendo yomwe yasanduka hotela

M'dziko la Switzerland, pa mpata wa Gotthard m'mapiri a Alps, mamita oposa 2,000 kuchokera pamwamba pa nyanja, pali nyumba ya apaulendo yomwe zolemba zakale zimaitchula kuyambira m'chaka cha 1237. Amalonda odutsa ndi nyulu zawo komanso oyenda maulendo achipembedzo ankagona pamenepo mphepo yachisanu ikawapanikiza. Nyumbayi yaona zambiri: chigumukire cha chipale chofewa chidaigwetsa m'zaka za m'ma 1770, moto nkudzaiwononganso mu 1905.

Koma chomwe chidaipweteka kwambiri si moto ayi. Mu 1882 adatsegula njanji yoboola phirilo kunsi, ndipo mu 1980 adatsegulanso msewu wa galimoto wapansi. Apaulendo ambiri adasiya kukwera pamwamba.

Bungwe la Fondazione Pro San Gottardo, eni nyumbayi, lidapereka ntchito yoikonzanso kwa Quintus Miller ndi Paola Maranta, akatswiri olemba mapulani a nyumba a mumzinda wa Basel. Awiriwa adasiya makoma akale chilili, nyumba nkuikweza ndi nsanjika imodzi. Kenaka adaifolera pamodzi ndi katchalitchi kake ndi denga limodzi lalitali lamtovu, mawindo ali tuzutuzu padengapo. Zipinda zakumwamba adazimanga mwatsopano ndi matabwa ndi mitanda. Poti kumeneko nyengo yomangira ndi miyezi yochepa chabe yofunda, matabwawo adawakonzeratu kwina, pamalopo nkungodzalumikiza. Mu 2010 nyumbayi idatsegulidwa ngati hotela ya zipinda 14, chilichonse chili ndi dzina la mlendo wotchuka yemwe adafikako, monga mlembi wa ku Germany, Goethe.

Nditafotokoza nkhaniyi m'kalasi la Fomu 3, mtsikana wina adandifunsa ngati nyumba yochotsedwa zam'kati ingatchedwebe yakale. Funsoli ndi lomveka. Matabwa atsopano sangabwezere pomwe padaponda anthu akale, ndipo wapaulendo wosauka yemwe kalelo ankalandiridwa mwachifundo, lero ayenera kupisa m'thumba.

Komabe ine ndili kumbali ya omangawo. Tonse timadziwa kuti nyumba yosagona anthu imagwa msanga: denga likayamba kudontha palibe woona, khoma likang'aluka palibe womata. Mlendo wolipira chipinda ndiye amene amasunga dengalo. Chachiwiri, akatswiriwa sadanamize munthu pokometsera zatsopano kuti zioneke zakale. Wolowamo amasiyanitsa yekha khoma lamakedzana ndi thabwa la dzulo.

Chachikulu nchakuti nyumbayi sadaisandutse malo ongoonerako zakale, otseka dzuwa likapendeka. Ntchito yomwe adaimangira, yogoneka munthu wotopa ndi ulendo, ikugwirikabe. M'nyengo yachisanu msewu wapamwambawo umatsekedwa ndipo hotelayo imatsekanso. Chipale chikasungunuka amayalanso mabedi, kudikira alendo.