Kodi Chimbale Chojambula Pakhomo Chimakhala Zaka Zingati?

M'nyumba zambiri muno m'Malaŵi muli kabokosi ka zimbale za CD ndi DVD zojambulidwa pa kompyuta, zimene achinyamata amati zobena. M'menemo muli nyimbo za kwaya ya kumpingo, ng'oma za vimbuza, magule a paukwati, ngakhalenso mau a makolo amene adatisiya. Ambiri timayesa kuti zonsezi zasungika mpaka muyaya. Lero tifuna tione ngati maganizo otere ali oona.

Poyamba tisiyanitse mitundu iŵiri ya zimbale. Chimbale cha CD chidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1982, makampani a Philips ndi Sony atagwirizana. Chogula m'sitolo chimadindidwa ku fakitale, ndipo nyimbo zake zimaumbidwa m'pulasitiki ngati timaenje tosaoneka ndi maso. Chojambula pakhomo, chotchedwa CD-R, sichili tero. M'kati mwake muli utoto wopyapyala, ndipo pojambula, kuŵala kwa laser kumaotcha timadontho pa utotowo. Timadonthoto ndito nyimbo zanu. Tsono monga chitenje chimasuluka chikakhalitsa padzuŵa, utotowu nawo umasuluka. Makina akalephera kuŵerenga timadontho tija, nyimbo imayamba kudumphadumpha, potsiriza imasoŵeratu.

Nanga zimenezi zimatenga zaka zingati? Bungwe la ku Canada losamalira zinthu zakale, la Canadian Conservation Institute, likuyerekeza kuti CD-R yopambana zonse, yokhala ndi golide m'kati, ingapose zaka 100. Ya utoto wamba ingakhale zaka 20 mpaka 50, DVD-R wamba zaka 10 mpaka 20, pamene DVD-RW, ija yofufuta n'kujambulanso, zaka 5 mpaka 10 zokha. Koma ziŵerengerozi n'za chimbale chosungidwa pamalo ouma, ozizira ndi amdima.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiganizire munthu wokhala ku Chelinda, m'nkhalango ya Nyika m'boma la Rumphi, malo okwera mamita oposa 2,000. Kuzizira kwa kumeneko n'kokomera chimbale. Mdani wake ndi chinyezi, pakuti nkhungu imakuta mapiri kaŵirikaŵiri, ndipo chinyezi chikaloŵa m'mphepete mwa chimbale chimadya chitsulo choŵala chija chimene chimabweza kuŵala kwa laser. Mwini wake akachiika pafupi ndi moto wootha, kutentha kumachipinda. Akachisiya pazenera, dzuŵa la pamwamba pa phiri, lomwe ndi laukali kuposa la kuchigwa, limasulutsa utoto. Choncho ngakhale malo ozizira ngati amenewo sangatichotsere nkhaŵa, nanji kumadera otentha a m'mbali mwa nyanja.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziŵa. Timasamala mbali yoŵala ya pansi, chonsecho pa CD nyimbo zili pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwamba, polembapo dzina paja. Kulembapo ndi bolopeni, kapena kumatapo pepala n'kulimatula, kungaononge nyimbo kotheratu. Lembani ndi cholembera chofeŵa, gwirani m'mphepete mokha, ndipo chimbale chiime chilili m'kabokosi kake.

Komabe kusamala kumangochedwetsa imfa ya chimbale. Mbiri ikutiphunzitsa njira yeniyeni. M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, Hugh Tracey adayenda m'dziko lino, lidakali Nyasaland, kujambula nyimbo za Atumbuka, Atonga, Acheŵa ndi ena. Nyimbozo zidachoka pa matepi kupita pa zimbale za galamafoni, ndipo pambuyo pake zidaloŵa m'makompyuta a International Library of African Music, nkhokwe imene iye adaikhazikitsa mu 1954, yomwe idasamukira ku Rhodes University ku South Africa mu 1978. Nayo wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, idasamutsira m'makompyuta nyimbo zambiri za pa matepi ake akale ndi thandizo lochokera ku Norway. Nyimbo zimenezi tikuzimvabe chifukwa panali anthu ozisamutsa nthaŵi isanathe. Mlimi sasunga mbeu m'nkhokwe zaka makumi aŵiri: amaibzala chaka ndi chaka, ndipo mtundu wake sufa.

Tsono muchite motere. Koperani zimbale zanu pa kompyuta zikadali kumveka, kuyambira zimene kulibe kwina kozipeza. Sankhani mtundu wa WAV kapena FLAC, umene sutaya kanthu. MP3 imachepetsa malo potaya mbali ina ya mau, ndipo zotayikazo sizibwerera. Nyimbo iliyonse ikhale m'malo atatu: pa kompyuta, pa hard drive yapadera, ndi pa intaneti kapena kwa mbale wanu wa kumudzi wina, kuti moto kapena mbala zisathe zonse tsiku limodzi. Musadalire memori khadi kapena fulashi yokha, poti nazo zimafa mosachenjeza. Lembaninso dzina la woimba, mudzi ndi chaka, chifukwa nyimbo yopanda mwini ili ngati mwana wamasiye. Chaka chilichonse imvereniko, ndipo pakapita zaka zisanu musamutsire pa chipangizo chatsopano.

Ndiye omvera, katsegulenitu kabokosi kaja sabata ino. Chimbale chimene chikumveka lero, chaka chamaŵa mwina chidzakhala chete.