NYENGO YABWINO YOKACHEZA KU MAPIRI A KU MZIMBA

Chaka ndi chaka, ikakwana nthawi yopempha tchuthi, ambiri a ife ogwira ntchito za Boma pamodzi ndi aphunzitsi timathamangira mwezi wa Disembala. Chifukwa chake nchodziwika: ndiyo nyengo ya Khirisimasi, ana ali pakhomo, ndipo abale amasonkhana. Koma munthu amene alinga kukaona dziko la mapiri la ku Mzimba, monga Embangweni, Hora ndi Viphya, ayenera kuyamba waganiza bwino. Tchuthi chimadza kamodzi pa chaka, ndipo ndalama za ulendo sizitoledwa pansi. Wolakwa posankha mwezi amataya zonse ziwiri.

MSINKHU WA DZIKO NDI MPHEPO

Choyamba tidziwe kuti dziko la mapiri silikhala ndi nyengo imodzi ponseponse. Nyanja pa Nkhata Bay ili pa mamita ngati 470 kuchokera pa nyanja yamchere. Embangweni ndi Boma la Mzimba zili pafupifupi pa mamita 1,300. Mapiri a Viphya ali pamwamba koposa apo, ndipo nsonga ya Nganda ku Nyika, chakumpoto, ipitirira mamita 2,600. Tsono mpweya umazizira madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera. Ndicho chifukwa chake munthu angathe kutuluka thukuta kunyanja m'mawa, nagona akunjenjemera ku Chikangawa usiku wa tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndicho mphepo. Mwera, umene umachokera kum'mwera chakum'mawa, umadza ndi chinyontho cha m'nyanja. Ukagunda mapiri a Viphya umakwera, nuzizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka nkhungu ndi mvula. Pofika kuseri kwa mapiriwo, kumene kuli Mzimba ndi Embangweni, mphepo ija imakhala itauma. Motero mvula ya ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu imaposa kwambiri ya ku Embangweni, ndipo kum'mwera kwa Mzimba dzuwa limawala ngakhale masiku amene Viphya yafunda nkhungu.

DZINJA

Kuyambira Disembala kufikira Epulo dziko lonse limabiriwira. Bowa amagulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo ku Nyika maluwa a kuthengo otchedwa orchid, amene mitundu yake ipitirira 200, amamasula makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Kwa mphunzitsi wa maphunziro a zomera, imeneyi ndi nyengo ya mtengo wapatali.

Koma walira mvula walira matope. Wopita ku Embangweni amasiya msewu waukulu wa M1 pa Jenda, ndipo misewu ya fumbi yolowa m'midzi imaterera koopsa mvula ikagwa. Timitsinje timene mu Ogasiti mwana amangolumpha timadzaza mwadzidzidzi, ndipo galimoto ingathe kuchedwa tsidya lina kufikira madzi ataphwa. Udzudzu nawo umachuluka, ndi malungo omwe. Palinso chinthu china chimene anthu a m'tauni timaiwala. Miyezi imeneyi eni mudzi ali pa kalikiliki m'minda, ndipo pofika Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Anthu a ku Mzimba sakana mlendo, koma mlendo wanzeru sapita kukawonjeza pakamwa pamene ufa uli wowerengera.

CHILIMWE

Kuyambira Seputembala kufikira Novembala misewu imakhala youma. Mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira okongola ndithu, ndipo ku Vwaza njovu zimasonkhana pa nyanja ya Kazuni pofuna madzi. Wofuna kuona nyama angakonde nyengo imeneyi.

Koma wofuna kuona mapiri adzakhumudwa. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga, kotero kuti phiri limene lili pa mtunda waufupi limangooneka chimbuuzi. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, zitsime zina zimaphwa, ndipo kukwera phiri masana kumakhala kudzizunza. Iyi ndiyonso nyengo ya ngozi ya moto. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, imene inafika pa mahekitala ngati 53,000 ndipo yambiri inadzalidwa kuyambira 1964, yaonongeka kwambiri ndi moto pamodzi ndi kudula kosasamala. Ndudu imodzi yotayidwa ndi wapaulendo ingathe kutentha mitengo imene yakula zaka makumi awiri.

MASIKA NDI CHISANU

Tsono yatsala miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo imeneyi ndiyo tiiyamikira kwa awerengi athu. Mvula imakhala itatha, misewu yauma, koma fumbi ndi utsi zisanachuluke. Mu Meyi ndi Juni udzu ukadali wobiriwira, m'mitsinje muli madzi oyera, ndipo kumwamba kumayera kotero kuti munthu ataima pamwamba pa Viphya amaona kutali zedi. Udzudzu umachepa chifukwa cha kuzizira. M'midzi anthu atuta chimanga, mtedza ndi mbatata zilipo, ndipo eni khomo ali ndi nthawi yocheza ndi mlendo.

Akale anazidziwa zimenezi. Mbusa Donald Fraser, amene anasamutsa mishoni kuchokera ku Hora nakhazikitsa Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, anatchuka ndi misonkhano yaikulu ya Mgonero. Woyamba unachitika ku Ekwendeni mu 1898 mvula itatha, ndipo kunafika anthu zikwi zingapo, ambiri atayenda pansi mitunda yaitali. Khamu lotere silikadatha kuyenda, kugona panja ndi kudya m'mwezi wa Januwale. Lero wofika ku Embangweni adzaona tchalitchi chakale cha njerwa, chipatala, sukulu ya ana osamva, sekondale ya Robert Laws ndi sukulu ya aphunzitsi ya Loudon, zonse za Sinodi ya Livingstonia.

Angoni nawonso anasankha nyengo yomweyi. Mwambo wa Umthetho, umene unayamba mu 2008, umachitika mu Ogasiti patsinde pa phiri la Hora pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndipo amuna amavina ingoma atanyamula zishango ndi zibonga. Popeza tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mwezi womwewo, mphunzitsi angathe kuona mwambowu ndi mapiri pa ulendo umodzi, nabwera ndi zophunzitsa ana zimene anaziona ndi maso ake.

CHENJEZO

Tisanamize munthu kuti miyezi imeneyi ilibe zovuta. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, ndipo ku Nyika madzi amagwirana pa udzu m'mamawa. Nthawi zina kumadza chiperoni, ndiyo nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. M'chaka cha 1949, pamene mlembi Laurens van der Post anayendera phiri la Mulanje, mkulu wachinyamata woyang'anira nkhalango amene anatsagana naye anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje umene unadzaza ndi mvula yotereyi. Phiri lili lonse lifunika ulemu womwewo.

Chotero tengani juzi ndi bulangeti lochindikala. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake umapha mwakachetechete. Woyendetsa galimoto pa Chikangawa achepetse liwiro nkhungu ikagwa. Wokwera phiri ayambe wapereka moni kwa mfumu ya pamalopo, apemphe munthu wodziwa njira, ndipo anyamuke m'mawa kuti abwere dzuwa lisanalowe. Paja safunsa anadya phula.

Wofuna maluwa apite mu Januwale, wofuna njovu apite mu Okutobala. Koma amene afuna kuona mapiri, kuyenda bwino ndi kucheza ndi anthu mosawalemetsa, alembe kalata yake yopempha tchuthi nthawi ikadalipo, ndipo atchulemo mwezi wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti.