Chiquinho Conde, mphunzitsi amene anabweretsa chikho ku Tete

Kwa zaka zambiri anthu okonda mpira wamiyendo mu mzinda wa Tete anazolowera kungomva pa wailesi kuti chikho cha ligi yaikulu ya dziko la Mozambique, ya Moçambola, chapitanso ku Maputo. Chikapanda kugwera Costa do Sol chinkagwera Ferroviário kapena Maxaquene, ndipo mwa apo ndi apo chinkapatukira ku Chimoio, ku Beira kapena ku Nampula. Timu ya mu mzindawu ya Chingale inkalimbana nawo ndithu akuluakuluwo, koma chikho sichinaponde m'chigawo chino.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 2017, pamene União Desportiva do Songo inakhala timu yoyamba ya m'chigawo cha Tete kutenga ligiyi. Songo ndi tauni ya pamwamba pa mapiri pafupi ndi damu la Cahora Bassa, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mu mzinda wa Tete. Amene ankaphunzitsa anyamatawo chaka chimenecho ndi a Francisco Queriol Conde Júnior, omwe aliyense amawadziwa ndi dzina loti Chiquinho Conde.

A Conde si mwana wa kuno. Anabadwira ku Beira pa 22 Novembala 1965, ndipo anatchuka akusewera kutsogolo mu timu ya Maxaquene ku Maputo. Mu 1987 anapita ku Portugal kukasewerera Belenenses, timu yomwe inatenga chikho cha Taça de Portugal mu 1989 itagonjetsa Benfica. Anavalanso malaya a Braga, Vitória de Setúbal ndi Sporting.

Mu 1997 anaoloka nyanja kupita ku America komwe anasewerera New England Revolution ndi Tampa Bay Mutiny. Kumeneko mpira wathuwu unali mlendo. Umene eni ake amautcha futibo ndi wina, wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja, umene unakulira m'masukulu a ukachenjede. Ngakhale bwalo la Foxboro, pomwe Revolution inkasewerera, linali la timu ya mpira wa dzirawo ya New England Patriots.

Atasiya kusewera anabwerera kwawo n'kuyamba uphunzitsi. Ntchito imeneyi ndi ya mtima wautali, chifukwa timu ikapambana anthu amanyamula wogoletsa, koma ikagonja katatu motsatizana woyamba kulongedza katundu ndi mphunzitsi. A Conde anayenda m'matimu angapo, ndipo mu 2009 anatenga ligi ndi Ferroviário ya ku Maputo. Choncho pofika ku Songo anali atalawa kale chikho.

Pali ena amene amati ku Songo inapambana ndi ndalama osati mphunzitsi. Mawuwa sangatayidwe kutali. Kumbuyo kwa timuyi kuli kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, imene imagulitsa magetsi mpaka ku South Africa, ndipo kale timuyi inkadziwika ndi dzina la kampaniyo loti HCB. Osewera olipidwa pa nthawi yake amathamanga mosiyana ndi amene akuganiza za lendi. Komanso Songo inali itatenga kale chikho cha Taça de Moçambique mu 2016, a Conde asanafike. Koma ndalamazo zinalipo zaka zonse zam'mbuyomo ndipo ligi sinabwere. Chikho cha ndime chimatheka ndi masewero ochepa ndi mwayi pang'ono, pomwe ligi imafuna kuti timu iziyenda ulendo wautali wa ku Maputo, ku Nacala ndi ku Quelimane miyezi yambiri osafooka. Apa ndi pamene dzanja la mphunzitsi limaonekera. Iwo atachoka, Songo inatenganso ligi mu 2018 ndi mu 2022, kusonyeza kuti chitseko chikatseguka ena amalowa mosavuta.

A Conde anabwerera ku Setúbal kukaphunzitsa achinyamata, ndipo mu Okutobala 2021 bungwe loyendetsa mpira m'dziko la Mozambique linawapatsa timu ya dziko, ya Mambas. Mpandowu unali utakhalidwapo ndi alendo angapo monga Mart Nooij wa ku Netherlands ndi Gert Engels wa ku Germany.

Timuyi inali ndi ngongole yakale imene a Conde ankaidziwa bwino. Iwo anali m'gulu la osewera amene anapita ku mpikisano wa chikho cha Africa ku Egypt mu 1986, ulendo woyamba wa Mozambique, komwe timuyi inagonja masewero onse atatu osagoletsa ndi chimodzi chomwe. Anapitanso ku South Africa mu 1996 ndi ku Burkina Faso mu 1998, komwe anansi athu a ku Zambia anawathira zigoli 3 kwa 1. Mu 2010 ku Angola zinthu sizinasinthe.

Ku Ivory Coast mu Januwale 2024, a Conde ali pa benchi, Mambas inatsala pang'ono kugwetsa Egypt, koma Mohamed Salah anabweza ndi penate mphindi zomaliza ndipo masewero anathera 2 kwa 2. Pokumana ndi Ghana inali kumbuyo ndi zigoli ziwiri nthawi itatha, Geny Catamo ndi Reinildo Mandava n'kubweza zonse ziwiri m'mphindi zoonjezera. Anthu anasangalala, koma kupambana kunali kusanabwerebe.

Kunabwera pa 28 Disembala 2025 mu mzinda wa Agadir ku Morocco, pamene Mambas inagonjetsa Gabon 3 kwa 2 ndi zigoli za Faisal Bangal, Geny Catamo ndi Diogo Calila. Aka kanali koyamba Mozambique kupambana pa mpikisanowu patapita masewero 16 opanda chipambano kuyambira 1986 uja, pamene mphunzitsiyo anali mnyamata wa zaka 20. Timuyi inafikanso koyamba m'ndime ya matimu 16, komwe Nigeria inaitulutsa ndi zigoli 4 kwa 0 mu mzinda wa Fez pa 5 Januwale 2026.