KUJAMBULA MWEZI PA ZAMBEZI



Nkhani ya usiku uno yacokera m'kalata ya mnzathu wina wogwira nchito pa mgodi ku Mufulira. Kwao ndi ku Kavalamanja, m'mphepete mwa Zambezi, m'boma la Luangwa, limene akulu alidziwa ndi dzina lakale la Feira. Iye ati pamene anali pa chuthi kumudzi anaona mwezi wathunthu uli kutuluka pamwamba pa madzi, waukulu ngati licero, wofiira ngati mkuwa wa m'ng'anjo. Anafuna kuti ana ace, amene anabadwira m'komboni ndipo sanaionepo Zambezi, akaone kukongola kwa kwao. Natulutsa foni yace, najambula. Koma m'cithunzimo munangotuluka kadontho koyera pakati pa mdima, konga nyali ya njinga iri patali. Tsono afunsa kuti, kodi wolakwa ndani, foniyo kapena iye mwini?

Mnzathu, foni yanu iribe mlandu. Pali zinthu ziwiri zimene zinyenga munthu aliyense woyamba kujambula mwezi.

Coyamba ndi ici: mwezi uoneka waung'ono koposa m'mene tiganizira. Kunena zoona ndi cinthu cacikulu, pakuti kupingasa kwace ndi makilomita 3,474. Koma uli kutali, makilomita ngati 384,400. Tambasulani dzanja lanu, mutsinzine diso limodzi, ndipo mudzaona kuti nsonga ya cala cakanise iubisa wonse, ngakhale pa nthawi imene uli kutuluka kumene. Ukulu umene mnzathu anauona pa Zambezi unali cinyengo ca maso, cimene cicitika mwezi ukakhala pafupi ndi mitengo ndi mapiri. Kamera sinyengedwa cotero. M'cithunzi ca foni wamba, mwezi sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a m'litali mwace, ndipo kukuza ndi zala kungokulitsa dontho lomwelo.

Caciwiri, ndico cacikulu: mwezi uwala koposa m'mene kamera iyembekezera. Ife tiuona usiku, koma pa mwezi pomwepo ndi masana. Ulibe kuwala kwace-kwace. Ndi thanthwe limene dzuwa liri kuliomba, ndipo pa magawo 100 a kuwala kumene lilandira libweza ngati 12 okha, monga ucitira mseu wakale wa phula. Tsono taganizani mseu wa phula nthawi ya masana: kodi ufuna nyali kuti muujambule? Iai. Koma kamera, poona mdima wozungulira mwezi, iyesa kuti kuli usiku ponse-ponse, nitsegula khomo lace nthawi yaitali kuti kuwala kulowe kwambiri. Mwezi upsa m'cithunzimo, ndipo mawanga ace onse afafanizika. Cifukwa cace lamulo ndi limodzi: jambulani mwezi monga mujambula cinthu ciri padzuwa.

Ngati muli ndi foni, gusani mwezi ndi cala pa galasi, ndipo mutsitse kuwala pang'ono-pang'ono kufikira mawanga akuda ayamba kuoneka. Kumwamba kudzada bii, koma musaope; ndimo m'mene kuyenera kukhalira. Ngati muli ndi kamera yoti muisintha nokha, yambani ndi ISO 100, kaboo kolowera kuwala kakhale pa f/11, nthawi ikhale 1/125 ya sekondi; mukatero yesani kuonjeza kapena kucepetsa. Nyali yong'anima ija muizime, pakuti kuwala kwace sikufika ngakhale kutsidya kwa mtsinje. Ndife amwai. M'caka ca 1840, John William Draper wa ku New York, mmodzi wa oyamba kujambula mwezi, anadikira mphindi ngati 20 kuti cithunzi cimodzi cigwire.

Kuti mwezi ukule m'cithunzi, pafunika mandala atali, a mamilimita 300 kapena kuposa. Amene alibe angabwereke magalasi oonera patali, nawaloza pa mwezi, naika diso la foni pa malo poika diso lao. Bvuto lace ndi kunjenjemera kwa manja. Gadamitsani mtondo pabwalo, ikanipo thumba la mcenga, mukhazike magalasiwo pamenepo. Ndipo mucere foni kuti ijambule yokha patapita masekondi awiri, dzanja lanu litacoka. Musacedwe, pakuti mwezi usuntha mtunda wolingana ndi thupi lace pa mphindi ziwiri ziri zonse, ndipo ungakuthaweni muli kukonza.

Nanga mnzathu acite ciani kuti mwezi, mtsinje ndi mabwato zioneke pamodzi? Asadikire usiku. Mwezi ucedwa kutuluka ndi mphindi ngati 50 tsiku liri lonse, ndipo wathunthu utuluka dzuwa liri kulowa. Cotero pa tsiku lotsogolera mwezi wathunthu, mwezi ukhala utakwera kale dziko likali kuoneka. Pa kanthawi ka cisisira kameneko kuwala kwa mwezi ndi kwa dziko kulingana, ndipo kamera itha kugwira zonse. Ku Kavalamanja nyengo yabwino ndi May ndi June, mvula itatha, kumwamba kuli mbee. Pa miyezi imeneyi mwezi wathunthu utulukira kum'mawa copendekera kumwera, ndipo munthu woima pa gombe la Zambia auona pamwamba pa madzi. Kuyambira August kufikira October utsi wa lupsa uphimba cigwa, ndipo mpweya wotentha ugwedeza cithunzi monga ucitira pamwamba pa moto.

Pano ndicenjeze. Cisisira ndi nthawi imene mvuu zituluka m'madzi kukadya, njobvu zitsikira kumtsinje, ndipo ng'ona siigona. Munthu woyang'ana kumwamba saona za kumapazi kwace. Imani pamtunda, patali ndi madzi, ndipo mupite ndi mnzanu wodziwa malowo.

Amene afuna kuona mapiri ndi maenje a pa mwezi asasankhe mwezi wathunthu, pakuti pamenepo dzuwa liuomba pamaso ndipo palibe mithunzi. Sankhani mwezi wa theka, muyang'ane m'malire a kuwala ndi mdima. Kumeneko dzuwa liri kutuluka kumene, ndipo phiri liri lonse liponya mthunzi wautali. Patapita masiku awiri kapena atatu mwezi utafika theka, lioneka dzenje lochedwa Copernicus, lopingasa makilomita ngati 93. Inu a ku Chingola, mgodi wanu waukulu wa pamtetete wa Nchanga ungatayike m'menemo ngati mphika m'dambo. Maenje otere anakumbidwa ndi miyala yogwa kucokera m'mlengalenga. Mawanga akuda aja akale anawayesa nyanja, koma ndi zigwa za mwala umene unasungunuka, nuuma. Ndipo m'cigwa cimodzi cotere ndimo munatera anthu oyamba m'caka ca 1969.

Kadamsana wa mwezi asintha lamulo lathu. Mthunzi wa dziko ukauphimba, monga unacitira kwa ora limodzi ndi mphindi 43 pa 27 July 2018, mwezi ufiira nuzirala, ndipo kamera ifuna sekondi yathunthu kapena kuposa. Kadamsana wa dzuwa ndi nkhani yina. Cigwa ca Zambezi cimdziwa bwino: Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinjewu pafupi ndi Zumbo dzuwa litada, mu November 1835, ndipo ambiri a inu mukumbukira mdima wa masana pa 21 June 2001. Koma musayese konse kuloza magalasi oonera patali pa dzuwa. Diso lipsa m'kamphindi, ndipo silicira.

Tsono mnzathu wa ku Mufulira, chuthi canu cikadza, funsani masiku a mwezi musanagule tikiti ya basi. Pakali pano phunzirani pakhomo panu pomwepo, pakuti mwezi wa pamwamba pa komboni ndi womwewo wa ku Kavalamanja. Zithunzi zoyamba zidzalakwika, koma foni siitha filimu monga makamera akale. Fafanizani, muyesenso mawa. Ndipo ngati kutheka, ulendo uno mutenge anawo, akaime nanu pa mtunda paja ndi kuuona ndi maso ao.