Kujambula Chiwindi ndi MRI: Maginito, Mankhwala ndi Impso

Khansa ya chiwindi, yomwe kawirikawiri gwero lake ndi hepatitis B, imathandizika bwino ikapezeka chotupa chidakali chaching'ono. Ku Mulanje kuunika kumayamba ndi ultrasound, ndipo wopezeka ndi chotupa chokayikitsa amatumizidwa ku Blantyre.

Mphamvu ya maginito a MRI imayezedwa mu tesla. Makina omwe anaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth mu 2008 anali a 0.35 tesla, ndipo anathandiza pa kafukufuku wa malungo ogwira ubongo. Koma chiwindi chimasuntha munthu akamapuma, choncho chimaoneka bwino pa makina a 1.5 kapena 3 tesla, omwe amajambula msanga wodwala atagwira mpweya.

Mankhwala a gadolinium, obayidwa mumtsempha, amasiyanitsa zotupa: khansa imawala msanga kenako n'kuzilala. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo impso zikafooka kwambiri angayambitse matenda oumitsa khungu.

Choncho wodwala asanatumizidwe, ayezedwe impso, makamaka amene amamwa ma ARV okhala ndi tenofovir. Kalata yomutumizira inenenso ngati ali woyembekezera kapena ali ndi chitsulo m'thupi.