NGALAWA YA AKAPOLO IMENE INASWEKA KU CAPE

Munthu wobadwira ku Lundazi akhoza kukalamba osaona nyanja yamcere. Madzi amene awadziwa ndi a Lwangwa kumadzulo, ndi a nyanja ya Malawi kum'mawa. Komabe dziko limenelo silinali lotsekeka. M'zaka za ma 1700 Abisa anali kuoloka Lwangwa ndi minyanga ya njobvu, kupyola pakati pa Acewa ndi Atumbuka, ndi kukagulana ndi Ayao. Ayao ndiwo anali kufikitsa malondawo kugombe, pafupi ndi cisumbu ca Mozambique, kumene Apwitikizi anali ndi linga ndi doko lao. Poyamba njirazo zinanyamula minyanga, nsaru ndi mikanda. Pambuyo pace zinanyamulanso anthu.

Pa doko limenelo, tsiku la 3 December 1794, panacoka ngalawa yochedwa São José. Inali itabwera kucokera ku Lisbon, ndipo tsopano inali kupita ku Maranhão, m'dziko la Brazil. M'kati mwace munali akapolo pafupifupi 500, ogwidwa m'maiko a kumtunda kwa Mozambique, opanikizana pansi mumdima.

Ngalawa za masiku amenewo zinalibe injini. Zinali kuyenda ndi matanga, ndiwo nsaru zazikuru zolimba zimene amalinyero anali kuzikweza pa mitengo itali kuti zikole mphepo. Mphepo ikaleka, ngalawa inali kungoyandama masiku ambiri, madzi akumwa ndi kutha. Ikaomba kucokera kutsogolo, ngalawa siinakhoze kulunjika nayo. Inayenera kuyenda mokhotakhota, monga munthu wokwera phiri lotsetsereka atasenza katundu. Cimene amalinyero anaopa koposa sicinali nyanja yakuya ai, koma gombe. Pakati pa nyanja ngalawa iri ndi malo othawira namondwe. Pafupi ndi mtunda iribe. Woyendetsa galimoto akaona dzenje aponda mabuleki, nabwerera m'mbuyo, koma ngalawa ya matanga inalibe cobwezera m'mbuyo. Cikhulupiriro cace cinali pa nangula yekha, citsulo colemera coponyedwa pansi pa madzi, ndipo cingwe ca nangula cikaduka panalibenso cocita.

São José inayenda masiku 24, ndipo inafuna kuima ku Cape Town kuti itunge madzi ndi kugula zakudya isanaoloke nyanja ya Atlantic. Mphepo ya ku Cape ndi yaukali. Kaputeni anayandikiza ngalawa kumtunda kuti aibise ku mphepoyo, koma usiku wa pa 27 December inagunda miyala yobisika m'madzi, pamalo pamene lero pachedwa Clifton. Gombe linali pafupi ndithu, mamita ngati 100 okha.

Apa ndipo nkhani iwawa. Kaputeni anapulumuka. Amalinyero onse anapulumuka. Akapolo ena anawafikitsa kumtunda, pakuti kwa eni ngalawa anthuwo anali cuma, ndipo palibe wamalonda afuna kutaya cuma cace. Koma mafunde anaphwanya ngalawa nchitoyo isanathe, ndipo anthu 212 anamira. Amene anatsala sanamasulidwe. Patangopita masiku owerengeka anagulitsidwa komweko ku Cape, kumene nthawi imeneyo kunali kulamulidwa ndi kampani ya Adachi. Munthu anaturuka m'madzi ali moyo, nalowa m'munda wa mwini wina. Ukapolo ku Cape unathetsedwa m'caka ca 1834, patapita zaka 40, ndipo anthu ocokera ku Mozambique pamodzi ndi ana ao anali kuchedwa Mozbiekers kumeneko.

Zotsala za ngalawa zinagona pansi pa mcenga zaka pafupifupi 200. M'zaka za ma 1980 anthu ofunafuna cuma m'madzi anazipeza, koma anaziyesa za ngalawa ina ya Adachi ya kale koposa. Pambuyo pace akatswiri a nyumba zosungira zakale za Iziko, ku Cape Town, anabwereranso pamalopo, ndipo mmodzi wa iwo, Jaco Boshoff, anapeza m'mabuku akale a boma umboni umene kaputeni anapereka ngozi itacitika.

Anthu a ku migodi adzakondwera kumva kuti mkuwa ndiwo unathandiza kuulula zoona. Pansi pa madzi panapezeka misomali ya mkuwa, ndi mkuwa wosulidwa wopyapyala umene anali kukutira nao kunsi kwa ngalawa kuti tizirombo ta m'nyanja tisaboole matabwa. Kukuta ngalawa kotero kunafala ca kumapeto kwa zaka za ma 1700, motero ngalawayo siikanakhala yakale monga anthu aja anaganizira.

Panapezekanso mipiringidzo ya citsulo, ndipo iyi ndiyo mboni yoopsa. Ngalawa ya matanga ifuna kulemera kunsi kuti mphepo ingaigubuduze. Ikanyamula migolo ya vinyo kapena matumba a shuga, katunduyo ailemeza bwino ndipo akhala pamalo amodzi. Koma anthu ndi opepuka, asuntha, ndipo ena amwalira panjira ndi kutayidwa m'nyanja. Cifukwa cace eni ngalawa za akapolo anali kuika zitsulo pansi, kuti zikwaniritse kulemera kumene matupi a anthu sanafikitse. Mabuku a ku Lisbon asonyeza kuti São José inakweza zitsulo zotere isananyamuke.

Mbiri ya kupezeka kwa ngalawayi inalengezedwa m'mwezi wa June 2015. Pa mwambo wokumbukira akufawo anabwera ndi dothi locokera ku Mozambique, nalithira m'madzi a pa Clifton. Ina ya mipiringidzo ija anaitumiza ku Washington, ku nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda a ku America, imene inatsegulidwa m'caka ca 2016.